Kwa iwe amene unasiya kuswali chifukwa cha mafunso



Phunziro la lero ndalembera iwe amene unakulira ku madrasa koma papita miyezi, mwina zaka, osapanga sijida. Mwina unaonera mavidiyo onyoza Chisilamu pa TikTok n'kusowa choyankha. Mwina unagwa m'tchimo ndipo manyazi akukugwira. Uthenga wanga ndi umodzi basi: funso limene lili mumtima mwakolo silinakutulutse m'Chisilamu, ndipo khomo lobwerera likadali lotsegula.

Tiyambe ndi maganizo obwera okha aja timati waswasa. Mu Sahih Muslim muli hadith yochokera kwa Abu Hurairah (RA) yonena kuti Maswahaba ena anakadandaula kwa Mtumiki (SAW) kuti m'mitima mwawo mumabwera maganizo oopsa moti sangayerekeze n'kuwatchula komwe. Mtumiki sanawakalipire. Anawauza kuti chimenecho ndiye chikhulupiriro chenicheni. Imam An-Nawawi anafotokoza kuti chimene chikuyamikiridwa apa ndi kuwaopa ndi kudana nawo maganizowo. Ndiye ngati ganizo loipa limakusowetsa tulo, iman yako ikadali moyo. Lotereli osalimbana nalo, ungodzitchinjiriza mwa Allah kwa Shaitani n'kulisiya lipite.

Koma pali mafunso ena enieni ofunika yankho. Mu Surah Al-Baqarah ndime 260, Mneneri Ibrahim (AS) anapempha Allah kuti amuonetse mmene amaukitsira akufa. Atafunsidwa ngati sakukhulupirira, anayankha kuti akukhulupirira ndithu, kungoti akufuna mtima wake ukhazikike. Allah anamuonetsa pogwiritsa ntchito mbalame zinayi. Imam Al-Ghazali, amene anaphunzitsapo pa sukulu ya Nizamiyya ku Baghdad n'kumwalira mu 1111, analemba yekha m'buku lake Al-Munqidh min ad-Dalal kuti anatha pafupifupi miyezi iwiri akukaikira ngakhale zimene maso ake akuona. Munthu yemweyo ndi amene anadzalemba Ihya Ulum ad-Din. Ngati anthu ngati amenewa anafunsa, iwe ukuopa chiyani?

Nditenge mafunso awiri amene achinyamata amafunsa kawirikawiri.

Loyamba: eti Qur'an imalamula kupha aliyense amene si Msilamu? Amene amanena zimenezi amakonda kuwerenga Surah At-Tawbah ndime 5 n'kuima pomwepo. Iwe werenga kuyambira ndime yoyamba. Uona kuti nkhaniyo ikunena za mapangano a pakati pa Asilamu ndi mafuko opembedza mafano a ku Arabia pa nthawi ya nkhondo. Ndime 4 ikupatula amene anasunga pangano lawo. Ndime 6 ikulamula kuti wopembedza mafano akapempha chitetezo atetezedwe, amve mawu a Allah, kenako aperekezedwe kumalo kumene akakhale mosaopa. Kavidiyo ka mphindi ziwiri sikangakuonetse zimenezo.

Lachiwiri ndi lopweteka: ngati Allah ndi wachifundo, bwanji anthu osalakwa amavutika? Ambiri anafunsa zimenezi mu March 2023 namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera ena a kum'mwera. Palibe shehe amene angaloze chifukwa chenicheni cha imfa ya mwana aliyense, ndipo amene amathamangira kunena kuti chinali chilango akulankhula zimene sakuzidziwa. Chimene Chisilamu chimaphunzitsa n'chakuti dziko lino ndi malo a mayesero, ndipo nkhani ya munthu siithera kumanda. Taganizira za Mtumiki (SAW) mwini wake. Anabadwa bambo ake atamwalira kale, mayi ake anamusiya ali ndi zaka 6, ndipo mwa ana ake onse ndi Fatimah (RA) yekha amene anatsala ali moyo iye akumwalira. Mwana wake Ibrahim akutsirizika, iye analira misozi. Ndiye mavuto si umboni woti Allah wakuda, ndipo kulira si kuchepa kwa iman.

Funso lako likakhala lina, lilembe papepala upite nalo kwa shehe wophunzira bwino. Akakuyankha kuti "zimenezo sitifunsa", pita kwa wina. Safunsa anadya phula.

Tsono ena vuto si mafunso ayi, ndi manyazi. Mowa, chamba, chibwenzi, njuga ya pafoni. Umati ndikayambe ndakonzeka kaye ndiye ndidzabwerere ku mzikiti. M'bale wanga, mlongo wanga, kodi munthu amadikira achire kaye kuti apite kuchipatala? Mu Sahih Al-Bukhari muli nkhani ya Swahaba wina dzina lake Abdullah, amene ankamuseketsa Mtumiki (SAW) koma ankagwidwa mobwerezabwereza chifukwa cha mowa. Munthu wina atamutemberera, Mtumiki analetsa n'kuchitira umboni kuti munthuyo amakonda Allah ndi Mtumiki wake. Mowa unakhalabe haramu, koma mwini wakeyo sanatayidwe. Ukapeza mpata werenga Surah Az-Zumar ndime 53, pamene Allah akuitana amene anadzichimwira mopyola muyeso, akuwatchulabe kuti akapolo ake, n'kuwaletsa kutaya mtima pa chifundo chake.

Tawba ndi ya pakati pa iwe ndi Allah, siifuna mkhalapakati kapena kuulula machimo pagulu. Siya tchimolo, umve chisoni kuti unalichita, utsimikize mumtima kuti subwereranso, ndipo ngati unatenga cha mwini, bweza. Ukagwanso, lapanso. Ngati unafika ponena ndi pakamwa kuti wachisiya Chisilamu, Shahada yochokera pansi pa mtima ikubwezera m'nyumba.

Mawu awiri kwa ife amene timapezeka ku mzikiti tsiku ndi tsiku. Munthu akabwera patapita zaka, si nthawi yomufunsa kuti "lero kwagwanji?" kapena kuyang'anitsitsa tsitsi lake ndi zovala zake. Mpatseni salaam, musendere pa swafu kuti apeze malo. Nthabwala imodzi yolasa ikhoza kumubweza zaka zina zisanu.

Iwe amene wawerenga mpaka pano, usadikire Ramadhan. Samba, panga wudhu, uswali Swala imene nthawi yake yakwana panopa, ngakhale utangotsala ndi Al-Fatihah ndi Surah imodzi yaifupi m'mutu. Za Swala zimene zinakudutsa ukafunse kwa shehe, koma zisakulepheretse ya lero. Qur'an yotanthauziridwa m'Chichewa ilipo, uziwerenga tsamba limodzi patsiku. Lachisanu likubwerali upeze mnzako mmodzi wopita naye ku Jumu'ah. Mafunso akowo ubwere nawo, tidzakhala pansi n'kuwaona limodzi, Insha Allah.

Allah alimbitse mitima yathu pa chipembedzo chake, ndipo awabweze abale ndi alongo athu onse amene atalikira. Ameen.