Felemu Yosindikizira Zithunzi ndi Dzuwa

Chida ichi sichilira magetsi, ndipo kalipentala aliyense wa ku Falls kuno ku Lilongwe angachikhome: thabwa lopyapyala kumsana, galasi loyera pamwamba, zopanira zinayi m'mbali. Galasilo mukadulitse m'mashopu a zomangira mu Old Town. Ntchito ya felemuyi ndi kupanikiza pepala lopakidwa mankhwala pamodzi ndi chinthu chimene mukujambula, kuti zisasunthe zili padzuwa.

Njirayi imatchedwa cyanotype. Anaitulukira John Herschel ku England mu 1842, ndipo mu 1843 Anna Atkins anasindikiza nayo buku la zomera za m'nyanja. Mapulani a nyumba akale aja, a buluu, ankapangidwa chonchi.

Luso lagona pa pepala. La m'kope ayi, limanyenyeka m'madzi. Funani lokhuthala la ojambula ndi penti wamadzi, makamaka la thonje. Mapepala ambiri amawathira choko ku fakitale, ndipo chokocho chimafwifwitsa buluu. Pepala lotere liviikeni kaye m'madzi othira viniga pang'ono, mulitsukuluze, liume.

Mankhwala ndi awiri, ndipo amapezeka kwa ogulitsa zipangizo za m'labotale. Sungunulani magalamu 25 a ferric ammonium citrate m'mamililita 100 a madzi, ndi magalamu 10 a potassium ferricyanide m'mamililita 100 ena, aliyense botolo lake. Muziwasakaniza muyeso wofanana pokhapokha mukufuna kupaka, chifukwa akakumana sakhalitsa. Tsekani makatani, pakani ndi burashi yopanda chitsulo, mopyapyala, osachita chithaphwi. Ambiri amalakwitsa apa: kuchulutsa mankhwala sikukometsa chithunzi, amangokokoloka potsuka. Pepalalo liumire mumdima.

Tsopano yalani pamwamba pake tsamba la chinangwa, nthenga ya nkhanga kapena negetivu, panani felemu, tulutsani pabwalo. Dzuwa la Okutobala kuno ku Lilongwe silichedwa, mphindi 10 zikhoza kukwana. Mu Juni, kukachita mitambo, dekhani. Mbali zoonekera zikatuwa, tsukani pampopi mphindi zisanu kufikira chikasu chonse chitachoka. Buluu weniweni muuona mawa lake.

Valani magolovesi, musagwiritse ntchito ziwiya zodyera, ndipo mabotolo akhale kutali ndi ana. Potassium ferricyanide asakumane ndi asidi wamphamvu ngati wa m'batire ya galimoto, chifukwa amatulutsa mpweya wakupha.

Amene mumagulitsa makadi pafupi ndi positi ofesi, mukawasindikiza chonchi musawayale pamtetete: dzuwa limafwifwitsa chithunzi, ngakhale kuti mukachibweza mumdima masiku angapo mtundu umabwerera. Sopo waufa asachikhudze.