Magetsi Anali Atazima, Koma Ampulifaya Inamugwira

Mnyamata wina wa ku Ndirande, woimba gitala kutchalitchi, anapeza wailesi yakale ya mavalavu m'chipinda cha amalume ake. Amalumewo anakonza mawailesi zaka zambiri, maso asanayambe kuwavuta. Wailesiyo inali yakufa, koma mavalavu ake awiri, ECC83 ndi EL84, anali amoyo. Awa ndi mavalavu odziwika kwa oimba: EL84, yomwe kampani ya Philips inatulutsa mu 1953, ndi imene imalira m'maampulifaya a Vox AC30. Mnyamatayo anachotsa mavalavuwo, mathiransifoma awiri ndi makapasita, n'kumanga ampulifaya yakeyake m'kabokosi kachitsulo. Luso analinalo, ndipo ntchito yake yowotcherera mawaya inali yaukhondo.

Itayaka, gitala inamveka ndithu, koma pansi pa nyimbo panali phokoso long'ung'uza losalekeza. Akatsitsa voliyumu mpaka kumapeto, phokosolo silinkasintha. Amalume ake atamvetsera anati, “Mphwanga, likanakhala lochokera ku gitala likanatsika ndi voliyumu. Ili likuchokera kumene ampulifaya imatenga mphamvu. Uyang'ane makapasita akuluwo, koma undidikire.”

Sanawadikire. Madzulo a tsiku lomwelo anazula mavalavu onse kuti ayeze mphamvu ya magetsi popanda chowakoka, ndipo anayatsa. Asanamalize, magetsi anazima m'dera lonse. Iye anaona ngati mwayi: nyumba yonse ili mumdima, pulagi wazula, ndiye chingamugwire n'chiyani? Anayika tochi ya foni pambali, dzanja lamanzere anagwiritsa bokosi lachitsulo kuti lisasunthe, ndipo lamanja anatengera pulayala n'kugwira mwendo wa kapasita.

Magetsi anamugwira kuchokera kudzanja lina kukafika kulina, kudutsa pachifuwa. Mkono unadzikoka wokha mwamphamvu, chikhatho chinang'ambika pampheto yakuthwa ya bokosi, ndipo iye anagwera chagada pamodzi ndi mpando. EL84 ija inagwa patebulo n'kusweka. Kuchipatala anamusoka ndi kumuyeza mtima, chifukwa magetsi odutsa pachifuwa amatha kusokoneza kagundidwe kake ngakhale munthu atadzuka n'kumayenda bwinobwino.

Chimene chinachitika si chodabwitsa kwa amene amadziwa ntchitoyi. Mavalavu sagwira ntchito ndi mphamvu yochepa ngati ya foni kapena ya batire la galimoto. EL84 imafuna mavoliti pafupifupi 250 mpaka 300. Thiransifoma ya mnyamatayo inkatulutsa mavoliti 250, ndipo akadutsa m'madayodi n'kulowa m'makapasita popanda valavu yowakoka, amakwera kufika pa 350. Kapasita ili ngati ndowa imene mwatungira pampopi: mukatseka mpopi, madzi satha m'ndowamo. Mavalavu akakhala m'malo mwake ali otentha, amamwa gawo la mphamvuyo mukangozimitsa. Mnyamatayo anali atawazula, ndiye panalibe njira iliyonse yoti magetsiwo atulukire kufikira iye mwini atawapatsa thupi lake. Kapasita yabwino imasunga mphamvu yotere kwa maola, nthawi zina mpaka mawa lake.

Chimene chimandipweteka pankhaniyi n'chakuti choteteza chake n'chotchipa kuposa waya wa gitala. Rezisita imodzi ya 220k, ya mawati 2, yolumikizidwa pakati pa miyendo iwiri ya kapasita yoyamba, imatsitsa mphamvuyo pang'onopang'ono nthawi iliyonse mukazimitsa. Pa makapasita a 100µF zimatenga pafupifupi mphindi ziwiri. Wailesi zambiri zakale zinalibe rezisita imeneyi, ndipo mnyamatayo potengera mamangidwe akale sanaiganizire n'komwe.

Bala litapola, amalume ake anakhala naye patebulo. Sanamukalipire kwambiri, koma anamuchititsa chilichonse ndi manja ake. Anamupangitsa waya wokhala ndi zopanira mbali zonse ziwiri, pakati pake rezisita ya 22k ya mawati 5. Chopanira chimodzi chimayamba kugwira bokosi, kenako chinacho chimapita pa kapasita. “Sikuludiraiva ayi,” iwo anatero. “Imathetheka moto, imawononga kapasita, ndipo tizidutswa tachitsulo tingakulowe m'maso.” Kenako kuyeza ndi mita mpaka ionetse kuti mphamvu yatha, mitayo mutaiyesa kaye pa batire kuti mutsimikize kuti ikugwira ntchito. Wayayo amasiyidwa pomwepo nthawi yonse ya ntchito, chifukwa kapasita yakale imatha kubweza mavoliti ena yokha mukachotsa wayayo msanga.

“Nanga ndikafuna kuyeza ili yoyaka, amalume?”

“Dzanja limodzi m'thumba. Waya wakuda wa mita upanire kubokosi usanayatse, wofiira ugwire ndi dzanja limodzi lokha. Uvule wotchi ndi mphete, uvale nsapato, ndipo usaime pasimenti ponyowa. Sipika ikhale yolumikizidwa, chifukwa ampulifaya ya mavalavu ikalira popanda sipika imatha kupsereza thiransifoma ya mawu. Ndiponso usamagwire wekha m'nyumba.”

Vuto lenileni linapezeka mosavuta. Kapasita imodzi ya m'wailesi yakale ija inali itauma mkati chifukwa cha ukalamba, moti sinkasalazanso magetsi mokwanira. Magetsi a kuno ndi a 50Hz, ndipo akadutsa m'madayodi anayi amasiya kugwedera kwa 100Hz kumene kapasita yabwino imayenera kumeza. Inzakeyo inali idakali yamphamvu, ndipo ndi imene inamugwira. Anasintha zonse ziwiri ndi zatsopano za mavoliti 450, anayika rezisita ya 220k ija, ndipo phokoso linatha. Valavu ina anachita kuitanitsa ku Johannesburg, chifukwa m'masitolo a mu Limbe sanaipeze.

Ambiri amene akuphunzira kukonza zamagetsi masiku ano anazolowera mafoni ndi mawailesi a mabatire, kumene kugwira waya ndi chala sikupweteka. Chizolowezi chimenecho musalowe nacho m'bokosi la mavalavu. Ngati muli ndi ampulifaya yotere kunyumba, kapena mwana wanu akumanga yake, musalole kuti chivundikiro chitsegulidwe patebulo palibe mita ndi waya wa rezisita uja.