Mukamakwera Phiri, Dziwani Pobwerera

Ana anga a kwa Nchilamwela, inu amene mwakulira m'malayini a m'maesiteti ndi m'midzi yozungulira minda ya tiyi, kunja kukacha bwino phiri la Mulanje mumaliona lili poteropo. Masiku ano ambiri mwa inu mukumapangana zokalikwera pa tchuthi. Mumasonkherana ya minibasi, kudutsa pa Luchenza, kukatsika pa Chitakale, n'kulowera ku Likhubula. Zimenezi zimandisangalatsa, chifukwa kwa nthawi yaitali phirili tinalisiyira alendo akunja, eni dzikofe n'kumangowanyamulira zikwama. Pitani ndithu mukalione. Koma musanamange katundu, ndiloleni ndikutsineni khutu.

Musanamizike ndi dzuwa la kuno kwathu. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo munthu akakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mukhoza kunyamuka ku Likhubula thukuta lili kamukamu, madzulo ake mano n'kumagundana. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, udzu wa pamwamba paja umacha utayera ndi chisanu. Chiperoni mumachidziwa. Mwaona amayi anu akuthyola tiyi m'mvula yowaza ija, dengu lili kumsana, zala zitachita dzanzi. Komatu iwo akaweruka amakafikira pamoto. Chiperoni chomwecho chikakupezani pathanthwe, chifunga chimatseka paliponse moti mnzanu amene ali patsogolo panu simumuona, miyala imaterera, ndipo zizindikiro za penti zolozera njira zimasowa.

Kumayiko kumene kumagwa chipale chofewa, monga ku Switzerland ndi ku Austria, anthu opita kukasewera m'mapiri amayamba amva kaye chenjezo la tsikulo. Kuopsa kwa chipale chogumuka amakuyeza ndi manambala, kuyambira 1 mpaka 5. Ife manambala otero tilibe, koma tili ndi a zanyengo pa wailesi, tili ndi a zankhalango pa ofesi ya ku Likhubula, tilinso ndi otsogolera alendo ndi onyamula katundu amene anabadwira m'tsinde mwa phirilo. Safunsa anadya phula. Lembetsani maina anu pa ofesipo, nenani njira imene mudzere ndi tsiku limene mubwere, ndipo tengani wokutsogolerani. Ndalama yomulipira ioneni ngati mbali ya ulendo, chimodzimodzi ya minibasi. Ikaperewera, ulendowo udikire.

Sindikukuopsezani chabe. Mu 2003, Linda Pronk, mayi wa ku Netherlands, analowera ku Sapitwa yekha ndipo sanaonekenso. Mu Julayi 2009, Gabriel Buchmann, mnyamata wophunzira bwino wa ku Brazil, anasiya womutsogolera n'kupitiriza yekha. Nyengo inasintha, ndipo mtembo wake unapezeka mu Ogasiti patatha masabata akumufunafuna. Chinamupha ndi kuzizidwa. Akuluakulu amanena za mizimu ya m'phirimo, ndipo malo amene makolo amawalemekeza muziwalemekeza. Koma pa nkhani ziwirizi pali chinthu chimodzi choonekeratu: onse awiri anali okhaokha.

Kuzizidwa kumapha mwakachetechete, choncho phunzirani kukuzindikira mwa mnzanu. Poyamba amanjenjemera. Kenako zala zimakanika kumanga chingwe cha nsapato kapena kutseka zipi. Mukamufunsa kanthu amayankha zosagwirizana, lilime likulemera, akuyenda dzandidzandi. Akayamba kunena kuti, "Ndisiyeni ndipumeko pang'ono, tsogolani ndikupezani," dziwani kuti zinthu zaipa. Musamusiye. Mubiseni ku mphepo, muvuleni zonyowa, muvekeni zouma, mumufunditse, ndipo ngati akutha kumeza mupatseni tiyi wotentha wa shuga wambiri. Mowa musamupatse ayi. Kachasu amanamiza munthu kuti wafunda pamene thupi likutaya kutentha kofunikako.

N'chifukwa chake m'chikwama mwanu musasowe juzi, jekete losalowa madzi, chipewa, tochi, machesi okulunga m'pepala la pulasitiki, ndi chakudya choposa chimene mukuganiza kuti mudya: mtedza, mbatata yootcha, shuga. Jinzi ikanyowa imachedwa kuuma. Foni musaidalire, pakuti malo ambiri netiweki kulibe ndipo batire limatha msanga kukazizira. M'phirimo muli nyumba zogona alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, kumene ambiri opita ku Sapitwa amagona kuti alawirire m'mamawa. Konzani ulendo kuti dzuwa lisanalowe mukhale mutafika pa imodzi mwa nyumbazi.

Langizo langa lalikulu ndi ili: musananyamuke, panganani nthawi yobwerera. Nthawiyo ikakwana, kaya nsonga ikuoneka pafupi chotani, tembenukani. Wokutsogolerani akayang'ana kumwamba n'kunena kuti lero ayi, musakangane naye. Ndikudziwa mmene zimakhalira pagulu la achinyamata: wina amati tawononga kale ndalama, wina akufuna chithunzi cha pa Facebook, wina akuopa kutchedwa wamantha pamaso pa atsikana. Phirilo lidzakhalapo chaka chamawa. Munthu wamphamvu pagulu ndi amene amayamba kunena kuti tiyeni tibwerere, ndipo gulu labwino limayenda pa liwiro la amene watopa kwambiri.

M'dzinja vuto limakhala madzi. Kamtsinje kamene mwawoloka m'mawa podumpha miyala kakhoza kukhala kosawolokeka masana, ngakhale pamene mwaimapo pasanagwe dontho, chifukwa mvula yagwa kumtunda. Mukaona madzi afiira, akubwera ndi zinyalala ndi nthambi, khalani tsidya lomwelo mudikire. Ku Dziwe la Nkhalamba musadumphiremo mwachisawawa. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ndiponso akuya.

Tsono phiri silipha okwera okha. Limatsikiranso anthu ali m'nyumba zawo. Napolo anasesa Zomba mu 1946. Mu Malichi 1991, madzi, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zinapha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anawononganso ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi kuno ku Thyolo. Omwalira ndi osowa pamodzi anapitirira 1,000. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, dothi la pamalo otsetsereka limakhuta madzi, limalemera, kenako limatsetsereka pamwamba pa thanthwe. Pamene mitengo inatha, palibe mizu yoligwira.

Napolo amachenjeza, kungoti anthu sitimvera. Yang'anani mng'alu watsopano m'munda kapena pakhoma la nyumba, mitengo ndi mapolo zimene zayamba kupendekeka, ndi madzi otumphuka pamalo pamene sipanakhalepo kasupe. Mtsinje ukaphwera mwadzidzidzi mvula ili mkati, dziwani kuti watsekeka kumtunda ndipo ubwera ndi ukali. Mukamva kugunda ngati malole ambiri akubwera pamodzi, musataye nthawi ndi katundu. Dzutsani ana ndi okalamba, thawirani cham'mbali, kumalo okwera, osati kutsika ndi khwawa. Boma likachenjeza kuti anthu asamuke, inu achinyamata mukhale oyamba kunyamula agogo anu.

Ndikudziwa kuti malo kuno ndi ochepa. Minda ya tiyi inatenga malo aakulu, ndipo ambirife tinapanikizika m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje. Komabe tsiku limene mudzafune pomanga nyumba yanu, mudzafunse akuluakulu kumene madzi anadutsa kale, pakuti madzi saiwala khwawa. Bzalani mitengo ndi udzu wa vetiva kumtunda kwa minda yanu, ndipo mitengo yatsala m'phiri la Thyolo muiteteze.

Ana anga, kwerani mapiri, muone kukongola kwa dziko lanu, mudzasimbire adzukulu anu. Koma funsani musananyamuke, musayende nokha, ndipo nyengo ikasintha bwererani. Makolo anu akufuna mudzafike pakhomo muli amoyo.