Mtengo wa Mlatho wa Timitengo

M'Chichewa mawu akuti "mtengo" ali ndi matanthauzo awiri, ndipo chimawasiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa liwu potchula. Matanthauzo onsewa anakumana patebulo la kwathu ku Kameza, pomwe achimwene anga, omwe akuphunzira za uinjiniya, ankamata kamlatho ka timitengo ndi guluu. Aphunzitsi awo anaika mtengo pa kamtengo kalikonse. Malikisi amachokera pa katundu amene kamlatho kanyamula pomugawa ndi ndalama zimene kadya. Mwachitsanzo, ka K2,000 konyamula makilogalamu 20 kamapambana ka K5,000 konyamula 30.

Mlatho wotere umatchedwa wa mathirasi, mawu omwe akalipentala amatchulira mitengo yogwira denga. Maziko ake ndi chinthu cha makona atatu. Timitengo tinayi tolumikizidwa m'makona timapendekeka mukatikankha, koma titatu sitisintha maonekedwe pokhapokha kena katathyoka.

Katundu akakhala pamlatho, mitanda ya pamwamba imapanikizika pomwe ya pansi imakokeka. Apa ndi pamene pagona nkhani ya ndalama. Kamtengo kokokeka kamapirira ngakhale kakhale kowonda. Kopanikizika kamapindika mwadzidzidzi, ndipo kutalika ndiye mdani wake. Leonhard Euler anasonyeza m'zaka za m'ma 1700 kuti mukachulukitsa kawiri utali wa mzati wowonda, umangonyamula gawo limodzi mwa magawo anayi a katundu woyamba. N'chifukwa chake thirasi ya Pratt, ya mu 1844, inakonzedwa kuti mitanda yaitali yopingasa izikokeka, kupanikizika kuzigwera yaifupi yoimirira.

Achimwene poyamba ananenepetsa timitengo tonse mofanana. Kamlathoko kanalimba ndithu, koma kanadula. Ulendo wachiwiri anachepetsa paliponse, ndipo mtanda wa pamwamba unapindika chidebe cha mchenga chisanafike n'pakati pomwe. Kachitatu anaphatikiza timitengo tiwiritiwiri pamwamba pokha, pansi n'kusiya kamodzikamodzi.

Ine ndinkaziona ngati masanje, mpaka nditakumbukira milatho imene namondwe wa Freddy anakokolola m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Yofunika kumanganso inali yambiri, ndalama zili zochepa. Komabe chidebe cha mchenga chimangoyesa kulemera kochokera pamwamba. Madzi osefukira amakumba pansi pa mizati, ndipo zimenezi kamlatho ka patebulo sikaphunzitsa. Nditawauza achimwene, anayankha kuti amenewo ndi maphunziro ena, n'kundipempha kuti ndiwagwirire mfundo mpaka guluu aume.