Eriyo ndi Nthaka: Mafunso ndi Mayankho

Kodi dipole ndi monopole zimasiyana pati?

Dipole ndi mawaya awiri ofanana kutalika, otambasulidwa pamzere umodzi, ndipo chingwe chopita ku wailesi chimalumikizidwa pakati pawo. Heinrich Hertz ndi amene anaigwiritsa ntchito ku Karlsruhe mu 1887. Monopole ndi ndodo imodzi yoimika chilili, ngati theka la dipole. Mu 1895 Guglielmo Marconi, ali kwawo pafupi ndi Bologna, anakweza waya mmodzi m'mwamba, mbali ina ya makina ake n'kuilumikiza kunthaka, ndipo uthenga unafika patali kuposa kale.

Nanga theka linalo limachokera kuti?

Limachokera pansi. Mafunde akagunda pamalo odutsa bwino magetsi amabwerera, ndodo ija n'kukhala ngati ili ndi inzake pansi pake, monga mtengo wa m'mphepete mwa dziwe umaonekera m'madzi chadodolido. Malo amenewa amisiri amati ground plane. Pa 100 MHz funde limodzi limatalika mamita 3, choncho dipole imafuna pafupifupi mita ndi theka, pomwe monopole masentimita 75 akwana. Ndi ma ohm omwe amatsika ndi theka: pafupifupi 73 pa dipole, 36 pa monopole.

Ndiye kuti pamafunika dothi lenileni?

Ayi, ndipo dothi louma lamchenga ndi losathandiza kwenikweni, limangomwa mphamvu. Pagalimoto ntchitoyi imagwiridwa ndi denga lachitsulo. N'chifukwa chake eriyo yamaginito yokhazikidwa pakati penipeni pa denga imakoka mofanana mbali zonse, koma mukaisunthira kumphepete imayamba kukondera. M'foni ndi mkuwa wa pabolodi lam'kati. Pamlongoti, timawaya titatu kapena tinayi totuluka patsinde pa ndodo timakwanira.

Wailesi za AM ndiye sizichita masewera. Mlongoti wonsewo ndiwo eriyo, ndipo pansi amakwirira mawaya amkuwa 120 otambalala kuchokera patsinde, potsatira zimene George Brown ndi anzake a kukampani ya RCA anapeza mu 1937. Akuba akafukula mkuwawo, mlongoti umaoneka wabwinobwino, koma omvera akutali amayamba kudandaula.

Kodi dipole ilibe nayo ntchito nthaka?

Siifuna kuti igwire ntchito, koma siingaithawe. Dipole yopingasa ikapachikidwa pafupi ndi nthaka, mafunde ambiri amalunjika kumwamba. Mukaikweza kufika theka la funde, amaweramira chakutali, zomwe ofuna kulankhula ndi maiko ena pa shortwave amazifuna.