Anyamata a Kabaza, Werengani Botolo Musanathire Oyilo

Anyamata inu a kabaza mumandifunsa funso limodzimodzi mukabwera pagalaja: "Madala, kodi oyilo wa njinga uja n'ngosiyanadi ndi wa galimoto, kapena angofuna kutidyera ndalama?" Ndimakumvetsani, ana anga. Petulo wakwera, mwini njinga akudikira tageti yake madzulo, kunyumba nako akuyembekeza ndiwo. Kwacha iliyonse ili ndi kolowera. Koma ine ndakalambira m'mainjini, zikhadabo zangazi zinasiya kalekale kuyera, ndiye tcherani khutu ndikuuzeni zimene ndaona.

Chaka china mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, panafika mnyamata wochokera ku Chikwawa. Anali atanyamula munthu mmodzi ndi thumba la chimanga, ndipo pokwera chitunda cha ku Thabwa njinga inayamba kumukanika. "Madala, ikungolira koma sikukoka," anatero akupukuta thukuta. Nditamufunsa za oyilo, anayankha monyadira kuti anathira wabwino kwambiri, wotsala pamene amalume ake ankapangitsa sevisi ya Sienta yawo. Chigubu anali nacho pakaliyala. Pamwamba pake panalembedwa 5W-30, ndipo kumbuyo, m'kachizindikiro kozungulira, munali mawu akuti Resource Conserving.

Tinakhutulira oyiloyo m'beseni, ndipo anatuluka ngati madzi, akununkha chopserera. Nditatsegula mbali ya kilatchi ndinamuitana kuti aone yekha. Mapuleti amene amayenera kukhala okhakhala anali atasalala, akunyezimira ngati galasi. Mapuleti achitsulo anali atachita mawanga abuluu chifukwa cha kutentha. Mnyamatayo anagwira puleti imodzi, naitembenuza kawiri, nangoti kukamwa yasa. Ndalama imene ankaganiza kuti wapulumutsa inapita, n'kuwonjezerapo ya mapuleti atsopano, ya gasiketi, ya ine makaniko, ndi tsiku lathunthu losagwira ntchito. Oyiloyo sanali woipa ayi. Anali wabwino, koma wa ntchito ina.

Mvetsani apa, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. M'galimoto, oyilo wa injini amatumikira injini yokha. Giyabokosi ili ndi oyilo wakewake, ndipo kilatchi ya galimoto ya manyuwo imakhala pouma. Koma njinga zimene mumakwerazi, kaya ndi Boxer, Lifo, TVS kapena King Lion, zili ndi mphika umodzi. Oyilo yemweyo afewetse pisitoni ndi maringi, yemweyo apite pakati pa mano a magiya, yemweyonso asambitse kilatchi. Pisitoni imafuna kuterera, koma kilatchi imafuna kugwira. Opanga oyilo wa magalimoto amakono amathiramo mankhwala owonjezera kuterera kuti galimoto isamwe petulo wambiri. Mankhwala amenewo akafika pa kilatchi ya njinga, mapuleti amayamba kutsetsereka m'malo mogwirana. Akatsetsereka amatentha, akatentha amapsa.

Magiya nawo amasinja oyilo ngati chimanga mumtondo. Oyilo wosakonzedwera ntchito imeneyi sachedwa kupyapyala. Onjezanipo kuti injini zathuzi zimazizira ndi mphepo chabe, zilibe rediyeta ya madzi. Zimazungulira mofulumira kuposa injini ya galimoto, nthawi zina mpaka maulendo 7,000 kapena 8,000 pa mphindi, pamene oyilo wake ndi pafupifupi lita imodzi yokha. Galimoto yaing'ono imanyamula malita atatu kapena anayi. Tangoganizani kalita kamodziko kali pamzere wa magalimoto ku Limbe masana, kapena pamsewu wa ku Nsanje kumene kutentha kumapitirira madigiri 40.

Vutoli silinayambire kuno. Ku Japan, kwawo kwa Honda, Yamaha, Suzuki ndi Kawasaki, anaona kuti oyilo wa galimoto akunka nasiyana ndi zofuna za njinga. Mu 1998 bungwe lawo loona za miyezo ya magalimoto, lotchedwa JASO, linakhazikitsa muyezo wapadera wa oyilo wa njinga. Linagawa oyilo m'magulu awiri: MA wa njinga zimene kilatchi yake imakhala mu oyilo, ndi MB woterera kwambiri, wa masikuta osasintha magiya ndi phazi. Mu 2006 anawonjezera MA1 ndi MA2, ndipo MA2 ndiye amagwiritsa kilatchi mwamphamvu. Choncho mukagwira botolo m'sitolo, musayambe mwaona chithunzi cha njinga yokongola chili kutsogolo. Litembenuzeni. Funani mawu akuti 4T, kenako JASO MA kapena MA2. Mukawapeza, mwapeza oyilo wanu. Mukaona Energy Conserving kapena Resource Conserving, libwezereni pashelefu.

Ndikudziwa wina anena kuti, "Koma mnzanga amathira wa galimoto chaka chonse ndipo njinga ikuyenda." N'zoona, si oyilo aliyense wa galimoto amene angapsereze kilatchi. Wokhuthala uja wa 20W-50 nthawi zambiri sakhala ndi mankhwala oterera aja. Koma nthawi zambiri palibe amene anamuyesa pa kilatchi ndi magiya a njinga, ndiye kuti woyesera ndinu, ndipo choyeserapo ndi njinga imene ikudyetsa banja lanu. Tsiku limene mwathedwa nzeru kumudzi kopanda sitolo, oyilo watsika, thirani amene alipo, pakuti injini youma ndiye imfa yeniyeni. Koma mukangofika patauni, khutulani.

Nanga manambala aja? Pa 20W-50, nambala yoyamba ikunena mmene oyilo amayendera injini ikadali yozizira, monga m'mawa wa Juni ku Dedza. Ikakhala yaing'ono ndiye kuti oyilo amafika msanga kumutu kwa injini mukangoliza. Yachiwiri ikunena kukhuthala kwake injini ikatentha. Njinga zambiri za kabaza zimagwirizana ndi 20W-50, zina zatsopano zimafuna 10W-40 kapena 10W-30. Amene anapanga njingayo analemba m'kabuku kamene kamabwera nayo. Kabukuko musakatayire m'dengu la mapepala, ndipo ngati mwagula njinga yakale yopanda kabuku, funsani makaniko wodziwa. Safunsa anadya phula.

Musasokonezenso 4T ndi 2T. Wa 2T ndi wa injini zonga ya Yamaha DT125 imene alangizi a zaulimi ankayendera m'midzi. Ameneyo amapsera limodzi ndi petulo, n'chifukwa chake njingazo zimatulutsa utsi. Kumuthira m'mphika wa Boxer n'kupha injini ndi manja anu.

Tsopano ku funso la ndalama. Pali oyilo wamba amene amati mineral, pali wosakaniza wa semi-synthetic, ndiye pali wodula uja wa fully synthetic. Wodulayo n'ngwabwinodi. Amapirira kutentha ndipo sapyapyala msanga. Mwini njinga yaikulu yothamanga, yokhala ndi fyuluta yeniyeni, amene amayenda pa tala, akagula ameneyo sanataye ndalama. Koma inu njinga yanu ndi ya 100, 125 kapena 150cc, ndipo imasambira m'fumbi tsiku lonse. Zambiri mwa injini zimenezi zilibe fyuluta ya pepala, zili ndi kasefa ka waya. Fumbi, mwaye ndi tizitsulo zimangozungulira mu oyilo momwemo, ndipo ngakhale oyilo wodula bwanji sangazisungunule. Choipa kwambiri n'chakuti munthu akagula wodula amamva chisoni kumukhutula, ndiye amamusunga miyezi. Ine ndikuti: oyilo wamba wa 4T wokhala ndi JASO MA, wosinthidwa pa nthawi yake, amaposa wodula amene wagonera m'injini. Kusiyana kwa mtengo pakati pa oyilo wa galimoto ndi wa njinga kulipireni mosanyinyirika. Koma kukwera kuchoka pamenepo kupita ku wodulitsitsa, pa njinga ya kabaza, si kofunika.

Mwina simudziwa kuti injini zambiri za njinga zochokera ku China zimene zadzaza m'misewu yathu zinatengera ya Honda CG125, imene inatuluka mu 1975. Akatswiri a Honda atayendera mayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia anapeza anthu akunyamula katundu wopitirira muyezo, osasintha oyilo mpaka atasanduka phala. Ndiye anapanga injini yopirira nkhanza. N'chifukwa chake njinga yanu imayendabe ngakhale mukuizunza. Koma kupirira si kusafa. Imangokhala chete, kenako tsiku lina imanoka muli ndi kasitomala pakati pa msewu.

Pa ntchito ya kabaza ine ndimalangiza kusintha oyilo pa makilomita 1,000 mpaka 1,500. Ngati mumayenda makilomita 100 patsiku, ndiye kuti masabata awiri asakwane musanabwere. Mita ikakhala yakufa, lembani tsiku pakhoma kapena mufoni. Njinga yatsopano kapena yongochitidwa ovaholo isinthidwe msanga kuposa pamenepo, chifukwa zitsulo zikamazolowerana zimanyenyeka. Khutulani injini ikadali yofunda kuti zonyansa zituluke nawo. Tsukani kasefa kaja ndi parafini. Yang'anani m'beseni padzuwa: mukaona tonyezimira ngati mchenga wa golide, injini ikudzidya, musazengereze. Zengerezu analinda kwawukwawu. Musaiwalenso fyuluta ya mpweya, pakuti fumbi limene lalowera kumeneko limakathera mu oyilo. Ndipo oyilo wakudayo musamuthire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, madzi ake timamwa ndife tomwe.

Chinanso chimene chimandiwawa mtima ndi oyilo wa m'mphepete mwa msewu, wopimidwa m'timabotolo ta madzi akumwa. Mulibe dzina, mulibe nambala, simudziwa kumene wachokera. Wina amakhala wogwiritsidwa kale ntchito, wongosefedwa pansalu. Aliponso anthu osaopa Mulungu amene amatola mabotolo a mayina odziwika, n'kuthiramo zawozawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gulani pa filing'i siteshoni kapena m'sitolo yodalirika, onani kuti chitsekero sichinatsegulidwepo, ndipo makaniko atsegule botololo inu mukuona. Likatha, libooleni kuti lisakapusitse mnzanu.

M'mawa uliwonse, musanapite pa siteji, imikani njinga mowongoka pamalo osapendekeka. Solani kamtengo koyezera, kapukuteni, kabwezereni, kasoleninso, muone ngati oyilo ali pakati pa mizere iwiri ya pakamtengoko. Akachepa onjezerani wa mtundu womwewo. Musadzazitsenso mopitirira, chifukwa wochuluka amachita thovu n'kuyamba kutulukira m'masili. Ntchito imeneyi sitenga ngakhale mphindi ziwiri, koma ndi anyamata ochepa amene amaichita, ndipo amenewo ndimawaona pagalaja pa sevisi pokha.

Mnyamata wa ku Chikwawa uja anamva. Amabwerabe, botolo lake la 4T lili m'manja, losatsegula, ndipo njinga yomwe ija inamugulira inzake. Ana anga, njingayo ndiye munda wanu, ndiye khasu lanu, ndiyenso fizi ya ana anu. Ine kumasula injini ndi kumene ndimadyera, koma sindikondwa kuona mnyamata akugwetsa misozi pa injini yonoka pamene ngongole ya njinga sanamalize. Mukapita kukagula oyilo mawa, tembenuzani botolo, werengani, ndipo musalipire musanaone JASO MA.