Kusamalira Galimoto Yakale Imene Yangogulidwa Kumene

Alimi ambiri a ku Msundwe, Namitete, Nsaru ndi Kabudula akagulitsa fodya ku okushoni ya ku Kanengo, kapena akapeza phindu pa soya ndi mtedza, amagula galimoto yakale yoti izinyamula katundu. Mwa magalimoto otere muli Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa ku Japan mu 1968, ndi kapikapu kakang'ono ka Nissan 1400, kamene kankapangidwa ku South Africa mpaka mu 2008. Magalimotowa amakondedwa chifukwa injini zake n'zosavuta kuzimvetsa, ndipo makaniko wa pamsika angathe kuzikonza popanda kompyuta. Komabe galimoto imene yadutsa m'manja mwa eni angapo imabwera ndi matenda obisika, choncho ndalama zoyamba za mwini watsopano ziyenera kupita ku oyilo, madzi ndi mabuleki, penti ndi wailesi zidikire.

Ntchito yoyamba ndi ya mapepala. Nambala ya injini ndi nambala ya chasisi, chimene ndi chitsulo chachikulu chonyamula thupi lonse la galimoto, ziyenera kufanana ndi zimene zalembedwa m'buku la umwini limene anthu amalitcha bulubuku. Kusintha dzina la mwini kumachitikira ku ofesi ya Road Traffic, ndipo galimoto siloledwa pamsewu popanda inshuwalansi ndi COF, chikalata chotsimikiza kuti yayesedwa ndipo ili bwino.

Kuti munthu adziwe chimene chavuta, ayenera kudziwa kaye mmene injini ya petulo imagwirira ntchito. M'kati mwa injini muli zibowo zotchedwa masilinda, ndipo m'chibowo chilichonse muli pisitoni, chitsulo chimene chimakwera ndi kutsika. Pisitoni ikamatsika imakoka petulo wosakanikirana ndi mpweya, ikamakwera imapanikiza zosakanizazo, kenaka pulagi imathethetsa moto umene umaziphulitsa, mphamvu ya kuphulikako n'kukankhira pisitoni pansi, ndipo pokweranso imatulutsa utsi. Kukwera ndi kutsika kumeneku ndiko kumazungulitsa chitsulo chimene chimapereka mphamvu ku magiya mpaka kumatayala. Apa pakuoneka kuti injini imafuna zinthu zitatu pa nthawi imodzi, zomwe ndi mafuta, mpweya ndi moto, ndipo ikakana kulira, nthawi zambiri chimodzi mwa zitatuzi chasowa.

M'magalimoto akale, ntchito yosakaniza petulo ndi mpweya imagwiridwa ndi kabuleta, chipangizo chokhala ndi timabowo tating'ono kwambiri timene timatsekeka ndi kachitsotso kalikonse. Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu la madera tatchula aja. Msewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji ndi wa phula, koma misewu yambiri yopatukira kumidzi ndi yadothi, ndipo m'chilimwe fumbi lake limatseka sefa ya mpweya mofulumira. Sefa ikatsekeka injini imalandira mpweya wochepa, imamwa petulo wambiri, imafooka pokwera mtunda ndipo imatulutsa utsi wakuda. Eni ena akaona zimenezi amachotseratu sefayo, ndipo galimoto imakhala ngati yachira, koma limeneli ndi tsoka lodziitanira, chifukwa fumbi limalowa m'masilinda n'kumapala zitsulo mpaka injini yonse ifunike kumasulidwa. Sefa iyenera kugwedezedwa ndi kupemereredwa kawirikawiri, ndipo ikang'ambika isinthidwe.

Petulo nayenso ali ndi nkhani yake. Kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol. Mankhwalawa amakoka chinyezi, komanso amaumitsa ndi kung'amba timapaipi ta labala takalekale, choncho mwini watsopano ayenera kuyang'ana mapaipi onse a mafuta ndi kusintha alionse amene asweka kapena akununkha petulo, pakuti kudontha kwa mafuta pafupi ndi injini yotentha kumabutsa moto. Mafuta a m'zigubu, amene anthu amagula kwa mavenda pa nthawi imene mafuta asowa, nthawi zina amakhala ndi madzi ndi zinyalala, ndipo galimoto ikayamba kutsamwa kapena kuzima itangothiridwa mafuta otere, poyambira kufufuza ndi pa sefa ya mafuta.

Galimoto ikakana kulira m'mawa, khutu limathandiza kuposa sipanala. Kiyi ikapotokoledwa n'kungomveka kaphokoso kakuti "kete", kapena osamveka kanthu, vuto limakhala kawirikawiri pa batire, ndipo nthawi zambiri batire lenilenilo lili bwino koma mitu yake yakhwepa kapena yamera ufa woyera umene umatsekereza magetsi. Ufawo umachoka ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira. Koma ngati injini ikuzungulira mwamphamvu osagwira moto, batire lilibe mlandu, ndipo ofunika kuonedwa ndi mafuta m'thanki, sefa, mapulagi ndi mawaya ake. Njira yabwino ndi kuyamba ndi chinthu chotsika mtengo ndi chosavuta kufikira, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, chifukwa munthu wosintha zinthu zinayi pamodzi amawononga ndalama ndipo sadziwa chimene chinali chodwala.

Oyilo amateteza zitsulo kuti zisapalane, ndipo amayezedwa ndi kandodo kachitsulo kamene kali ndi zizindikiro ziwiri, galimoto itaima pamalo osapendekeka injini itazima. Popeza mwini watsopano sangadziwe tsiku limene oyilo anasinthidwa komaliza, ndi bwino kumusintha pamodzi ndi sefa yake sabata yoyamba, kenaka pa makilomita pafupifupi 5,000 alionse, ndi kulemba tsiku ndi makilomita m'kope. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti oyilo akupsa m'masilinda chifukwa mphete za pisitoni zatha. Oyilo akasanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka, kapena utsi woyera ukamapitirira injini itatentha kale, ndiye kuti madzi akulowa mmene sayenera kulowa, ndipo kawirikawiri gasiketi, chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, yapsa. Imeneyi ndi ntchito ya makaniko wodziwa.

Gasiketi imapsa makamaka chifukwa cha kutenthetsa kwa injini. Madzi a m'rediyeta amazungulira m'injini kuchotsa kutentha, ndipo pampu imene imawayendetsa imazunguzidwa ndi lamba wa fani, amene akakhwepa amalira mosokosera ndiponso batire limaleka kudzaza. Muvi wa kutentha ukafika pofiira, woyendetsa aimitse galimoto ndi kuzimitsa injini, ndipo asatsegule chivindikiro cha rediyeta mpaka itazizira, chifukwa madzi owira amatumphuka n'kutentha nkhope ndi manja. Madzi amatope a kudambo amatseka timipata ta rediyeta, choncho m'rediyetamo muyenera kuthiridwa madzi oyera osakaniza ndi mankhwala oletsa dzimbiri.

Mabuleki ndiwo amasunga moyo wa anthu a m'galimoto ndi oyenda pansi, makamaka pa tsiku la msika pamene njinga, ngolo ndi ana zadzaza msewu. Buleki ikamafewa, kapena ikamafuna kupondedwa kangapo kuti igwire, ndiye kuti m'mapaipi mwalowa mpweya kapena mafuta a buleki akudontha, ndipo galimoto yotero isanyamule munthu mpaka itakonzedwa. Kulemera kwa katundu nakonso kumatalikitsa mtunda umene galimoto imatenga kuti iime. Kapikapu konga Nissan 1400 kanapangidwa kuti kazinyamula pafupifupi theka la tani, amene ndi matumba 10 a chimanga a makilogalamu 50, ndipo mwini amene amakweza matumba 20 ndi anthu pamwamba pake amathyola masipuling'i, amaphulitsa matayala ndiponso amapereka kwa mabuleki ntchito yoposa mphamvu yawo.